Mawu a Mkamwini pa Bedi 17

Sikisi koloko m'mawa itangokwana, chitseko cha kumapeto kwa wodi ya amayi chinatseguka chokha, ndipo Adikiri makumi atatu anatuluka mondondozana, matayala awo osamveka n'komwe. Aliyense analunjika pa bedi lake. Mdikiri ndi makina otalika ngati mgolo wa madzi, diso limodzi lagalasi pamwamba, manja awiri ofewa m'mbali. Amayeza kutentha kwa thupi, amapereka mankhwala, amatembenuza wodwala, ngakhale zonyansa amakataya osakwinya nkhope, poti nkhopeyo alibe. Dzinali analitenga kwa achibale odikirira odwala, aja ankagona pakhonde la chipatala ndi mapoto awo. M'chaka cha 2074 achibalewo ankaloledwa kudzazonda Lamlungu lokha, ndipo khonde lija linali litasanduka malo otchajira njinga zamagetsi.

Koma chimene chinkadabwitsa alendo si manjawo ayi, anali mawu. Pa bedi 3 Mdikiri anafunsa ndi mawu a mtsikana wa ku Mchinji kuti amama agona bwanji. Pa bedi 9 panamveka mawu aakulu a bambo wina, ndi chibwibwi chake chomwe. Wodi yonse inadzaza mawu a kunyumba ngati ndi tsiku lozonda odwala. Nzeru imeneyi ankaitchula kuti Liwu Lakwathu. Wachibale amene waperekeza wodwala ankawerenga ziganizo zisanu pa malo olembetsera, makina n'kuphunzira mawu akewo, basi kuyambira pamenepo Mdikiri wa wodwalayo ankalankhula ngati iyeyo.

Mwini nzeruyi anali Felista Chadewa. Anagwira unamwino zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kenako anakaphunzira ntchito imene tsopano inali ndi ofesi yakeyake m'chipatala chilichonse, yoona za chitetezo cha odwala. Udindo wake unali kusaka pamene chipatala chingalakwitse chisanaphe munthu, ndipo chikalakwitsa, kukhala pansi ndi achibale n'kuwafotokozera. Adikiri oyamba ankalankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, ndipo odwala ankawaopa, ena mpaka kubisa mapiritsi pansi pa pilo. Felista ndiye anati, apatseni mawu a anthu awo. Zinayenda bwino zedi. Anthu anayamba kumwa mankhwala, kudya, kugona tulo. Lachisanu la sabata imeneyo kunkabwera akuluakulu kudzavomereza kuti Liwu Lakwathu lifalikire m'zipatala zonse za dziko lino.

Munthu wotere bwenzi akuyenda mapewa m'mwamba. Koma Lachitatu limenelo Felista anali ngati wakhalira linthumbu. Akakhala pampando, adzuke. Akafika pawindo, abwerere. Tiyi anazizira osamugwira n'komwe. Chomuvuta chinali choti kwa miyezi inayi madandaulo a odwala anali atatsika mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Dokotala Malikebu, mkulu wa maopaleshoni, atamupeza akuzungulira mu ofesimo anaseka, namuuza kuti pa anthu onse amene amawadziwa, ndi iye yekha amene amadwala akamva nkhani yabwino. Felista anayankha kuti m'zaka zake zonse za unamwino sanaonepo wodwala wosadandaula. Malikebu anati ndiye wathetsa vutolo, apite akagule diresi ya Lachisanu. Felista sanaseke. Ananyamula tabuleti yake n'kutsikira ku wodi, osadziwa n'komwe chimene akukafuna.

Anafika cha m'ma teni, nthawi imene Adikiri amaona mabala. Pa bedi 17 panali mayi wachikulire, woonda, imvi zitayamba m'mbali. Chikwangwani cha pabedi chinati ndi mayi Nangozo ochokera ku mapiri a ku Ntcheu, ndipo anawachotsa chiberekero Loweruka chifukwa cha chotupa. Mdikiri atangoyandikira, mayiwo anayamba kutsika pabedi. Abale inu, munthu wong'ambidwa pamimba masiku anayi okha apitawo! Anatsika pang'onopang'ono atalumitsa mano, nakhala pansi chammbali, nkhope kuloza kukhoma, n'kukoka chitenje kuphimba mapewa.

"Amayi, mukupeza bwanji?" anafunsa Mdikiri ndi mawu ofatsa a mwamuna.

"Ndikupeza bwino, bambo. Zikomo."

"Ndingaone bala lanu?"

"Lili bwino, bambo. Musavutike."

Mdikiri anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima. Lamulo linkati wodwala akakana kuonedwa asakakamizidwe, ndipo amene analimbikira lamulo limeneli pa misonkhano mpaka anzake kutopa naye anali Felista yemweyo.

Felista anatsegula mbiri ya bedilo pa tabuleti. Mdikiri amaitana dokotala pokhapokha mboni ziwiri mwa zitatu zikagwirizana kuti zinthu sizili bwino. Mboni yoyamba ndi chibangili cha pamkono choyeza kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima, yachiwiri ndi diso la Mdikiri, yachitatu ndi mawu a wodwala mwini wake. Chibangili cha mayi Nangozo chinali chikudandaula kuyambira Lolemba, Mdikiri n'kumangowapatsa mankhwala otsitsa kutentha. Diso analikaniza ulendo uliwonse. Mawu awo anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku, akuti ali bwino. Ndiye pansi pake makinawo analemba, mosachita n'komwe manyazi, kuti wodwala akutsika yekha pabedi kanayi pa tsiku, akuchira mwachangu.

Felista anagwada pafupi nawo n'kuwafunsa yekha. Milomo yawo inali youma, thukuta lili pamphumi ngakhale m'wodimo munali mozizira. Mayiwo anaponya diso pang'ono kumbali kumene kunali Mdikiri, nayankha chapansipansi kuti ali bwino, anesi asade nkhawa.

Pa bedi 18 panali mayi wina wonenepa, dzina lake Edina, wogulitsa nsomba zouma, amene anathyoka mwendo atagwa pa lole. Mdikiri wake anali ndi mawu a mwamuna wake, ndipo Edina ankatha tsiku lonse akuwakalipira makinawo pa milandu ya zaka makumi awiri zapitazo. Iyeyu ndiye anadzuka pa chigongono n'kunena mosabisa mawu.

"Anesi, mukutaya nthawi. Sangakuuzeni kanthu pamaso pa mkamwini wawo."

Felista anayang'ananso tabuleti. Pa mzere wa mwini mawu panalembedwa kuti Wedisoni Tchale. Pa mzere wa ubale panalembedwa kuti wachibale, basi. Fomu yolembetsera inali ndi mabokosi awiri okha, wachibale ndi si wachibale, ndipo anaijambula ndi iye, masana ena, akudya mtedza. Iye anakulira m'nyumba zosanja za ku Lilongwe, kumene apongozi ndi akamwini amadyera tebulo limodzi n'kumakangana za mpira. Koma mwambowo ankaudziwa, si kuti ndi wa dziko lina. Kumapiri kuja mayi sayang'ana mkamwini wake kumaso, sakhala pabedi mkamwiniyo ali chiimire, akakumana panjira amapatuka. Nanji kumuuza za m'munsi mwa mchombo! Zimenezo ndiye bola kufa. Felista ankazidziwa bwinobwino zonsezi, kungoti tsiku lojambula fomu sizinamufikire m'mutu.

Edina anapitiriza, poti pakamwa pake sipankatseka msanga. Anati mwana wamkazi wa mayiwa, Rozina, ndi wodwala pakati ndipo masiku atsala pang'ono, n'chifukwa chake amene anawaperekeza ndi mwamuna wa Rozinayo, Wedisoni. Anati ndi bambo wabwino, anawanyamulira zikwama, akuti amayi apa, amayi apo, koma mayiwo ankayenda kumbuyo kwake, maso pansi. Anati iye anaziona tsiku loyamba lomwe, koma akanauza ndani, poti anamwino masiku ano amangokhala m'chipinda chawo cha makompyuta, kubwera pokhapokha Mdikiri akawaitana.

Felista analamula Mdikiri kuti atuluke. Makinawo anayankha mwaulemu, ndi mawu a Wedisoni omwewo, kuti sangasiye wodwala amene sanathe masiku asanu chichitireni opaleshoni popanda chilolezo cha dokotala. Anawalamula kuti asinthe mawu. Anayankha kuti zimenezo zimafuna chilolezo cha wachibale amene analembetsa. Lamulo limenelonso analemba ndi Felista, poopa kuti anamwino angamaseweretse makina. Anatukwana chamumtima. Kenako anaponda buleki ya pa tayala, nagwira Mdikiri m'mapewa n'kuyamba kumukankha ngati wilibala, kudutsa wodi yonse, makinawo akupepesa njira yonse kuti amayi akufunika kuyang'aniridwa. Anawalowetsa m'kachipinda kosungira zokolopera n'kutseka chitseko. Amayi a m'wodimo anafa nacho chiseko, Edina akukuwa kuti anesi atengenso wakeyu akamutsekere komweko.

Atabwerera anakoka makatani kuzungulira bedi 17 n'kukhala pansi pomwepo, pambali pa mayiwo.

"Apita?" ananong'ona mayi Nangozo.

"Apita, amayi. Tatsala akazi okhaokha. Komatu aja si bambo Tchale ayi. Ndi makina chabe."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Sindine wopusa. Ndikuchiona kuti ndi chitsulo. Koma chikangolankhula, pakamwa panga pamakana."

Ndiye mayiwo anamasuka. Anati kuyambira Lamlungu madzulo mimba ikutupa ndipo ikuwawa ngati mwalowa moto. Mkodzo ukungotuluka madontho. Kumunsi kukutuluka zinthu zonunkha, ndipo anang'amba chitenje chakale n'kumadzitchinga nacho, kuchapa nsanzazo kuchimbudzi Mdikiri akapita kukatenga mankhwala. Anati amafuna apirire mpaka Lamlungu, mwina mng'ono wawo abwera kudzawazonda, iyeyo ndiye angamuuze. Atamaliza anagwira mkono wa Felista n'kufunsa ngati zimene anenazi bambo aja sazimva. Felista anawatsimikizira kuti sazimva.

Anawagoneka pabedi n'kuvundukula chitenje. Fungo linamuuza zonse asanagwire n'komwe. Mimba inali yolimba ngati thabwa, yotentha. Anadina batani lofiira la pakhoma, nalidinabe mpaka chala kuwawa. Dokotala Malikebu anafika akuthamanga, chiseko cha m'mawa chija chitathawa. Anagwira pamimbapo kamodzi kokha, nayang'ana Felista n'kufunsa kuti zayamba liti. Atamva kuti Lamlungu, anaitanitsa machira. Mphindi zitatu zisanathe mayi Nangozo anali pa machira, akuthamangira nawo ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, dzanja limodzi likukokabe chitenje kuti chiphimbe miyendo.

Felista sakanatha kuima pakhomo la fiyeta n'kumangodikira. Woona za chitetezo cha odwala amakhala ndi kiyi yoimitsira makina alionse m'chipatala pakagwa ngozi, ndipo iye anali asanaigwiritsepo ntchito chiyambireni. Anakwera ku ofesi, nalowetsa kiyiyo, nazimitsa Liwu Lakwathu m'chipatala chonse osafunsa munthu. Nthawi yomweyo Adikiri onse anabwerera ku mawu awo akale aja, ozizira, a pa wailesi, osafanana ndi a wina aliyense.

Sipanathe theka la ola mabelu anayamba kulira. Ku wodi ya abambo, mkulu wina anauza Mdikiri wake kuti kwa sabata yathunthu akukodza magazi, koma sakanauza mwana wake wamkazi. Mayi wina amene makina ankamulankhula ndi mawu a mwana wake woyamba anaulula kuti diso lakumanzere silikuona chiyambireni mankhwala atsopano, kungoti sanafune kumudandaulitsa mwanayo, ali ndi mayeso. Wina anabisira mkazi wake, wina mlamu wake, wina abusa a kutchalitchi kwawo amene anamuperekeza mwachifundo. Madandaulo a miyezi inayi anatuluka tsiku limodzi. Anamwino asanu ndi anayi okha amene chipatalacho chinali nawo anatuluka m'chipinda chawo chija akuthamanga uku ndi uku, ena ataiwala ngakhale kumene kumakhala magolovesi. Mkulu wa chipatala anaimba foni kasanu kufuna kudziwa kuti wazimitsa makina ndani, ndipo Lachisanu akawauza chiyani alendo. Felista anaiponya foniyo m'thumba, navala epuloni n'kuyamba kuthandiza ngati namwino wamba. Koma akathandiza odwala awiri, ankapezeka waimanso pakhomo la fiyeta, kuyang'ana nyali yofiira, n'kubwereranso.

Nyaliyo inazima itangodutsa fili koloko masana. Malikebu anatuluka chipewa chili m'manja. Anafotokoza mwachidule kuti ulusi wina wa m'kati unamasuka, zoipa zinafalikira m'mimba monse mpaka kulowa m'magazi, ndipo mtima unaima kawiri, kachiwiriko sunadzukenso.

"Lolemba tikanawapulumutsa," anatero. "Ngakhale dzulo m'mawa, mwina."

Felista anatsamira khoma. Analira, osabisa, pamaso pa anthu odutsa. Chinkamupweteka kwambiri n'choti m'mawa uja anatha maola anayi akuzungulira mu ofesi, pamene mayiwo anali pansi pa nyumba yomweyo akuchapa nsanza.

Wedisoni Tchale anafika cha m'ma folo, atavala ovolosi ya kuntchito kwake kokonza mapampu a madzi oyendera dzuwa. Anali bambo wamtali, wa zaka za m'ma sate, nkhope yofatsa ngati mawu ake. Uthenga wa chipatala unangoti abwere msanga, ndiye iye anadzera kumsika n'kugula nthochi, poganiza kuti mwina akuwatulutsa. Felista anamulowetsa m'kachipinda kolankhuliramo ndi achibale, momwe munali mipando iwiri yoyang'anizana popanda tebulo pakati. Anadikira kuti akhale. Kenako anamuuza kuti mayi Nangozo amwalira masana omwewo ali ku fiyeta. Wedisoni anaika jumbo ya nthochi pansi mosamala, naphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Atapukuta misozi anayamba kulankhula yekha, monga amachitira anthu ofedwa. Anati mayi ake omubala anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye atakwatira Rozina anawatenga mayiwa ngati ake enieni. Anati sankalankhula naye kwambiri, inde, akabwera kudzacheza kutauni ankadyera kukhitchini, koma iye ankangoti ndi anthu ofatsa. Anati tsiku lolembetsa anali ndi chimfine, ndiye anapempha kuti awerenge ziganizo zija katatu kuti mawu atuluke bwino, amayi asamve zachilendo. Tsiku lililonse uthenga unkabwera pa foni kuti akutsika okha pabedi ndipo akuyankha mwaulemu, iye n'kumamuwerengera mkazi wake, onse n'kumakondwa. Apa anakweza maso n'kuyang'ana Felista.

"Komabe sanali okha, eti mayi? Mawu anga aja anawathandizako?"

Inde ndi liwu lalifupi kwambiri, ndipo linafika mpaka pa lilime la Felista. Munthuyu akanapita nalo kwawo, likanamuthandiza kunyamula bokosi la maliro. Koma Felista anayamba ndi Lamlungu madzulo, nafotokoza za mimba yotupa, za diso lokanizidwa, za chifukwa chimene mayiwo ankatsikira pabedi n'kukhala pansi chammbali nkhope kukhoma. Za nsanza sananene, zimenezo analonjeza. Sanafike n'komwe kumapeto, anaona nkhope ya Wedisoni ikusintha. Nayenso mwambowo ankaudziwa.

"Ndiye kuti ankabisira ine."

"Ankakulemekezani, bambo Tchale. Wolakwa ndine. Fomu ija ndinalemba ndine, ndipo sindinafunse kuti ndinu wachibale wotani."

Kaya anamva, kaya sanamve. Maso ake anali pa jumbo ya nthochi. Panja mabelu ankalirabe, anamwino akuitanizana m'makonde. Kenako foni inalira m'thumba la ovolosi. Anaitulutsa. Pagalasi panali dzina la Rozina. Inalira mpaka kuduka, n'kuyambanso. Wedisoni anatsegula pakamwa ngati ayeserere chimene anene, natsekanso.

"Ndimuuza bwanji ndi mawu omwewa?" ananong'ona.

Anatambasula dzanja, foni ikulirabe. Felista anailandira ndi manja awiri, nakonza kukhosi, nadina poyankhira. Zaka zonsezi ankalimbana kuti odwala azimva mawu a anthu awo, ndipo anadzaphunzira mochedwa, munthu atagona kale ku mochale, kuti pali zinthu zina zimene zimanenedwa kwa mlendo yekha.